Mmisiri Amene Anakumbukira Nkhondo ndi Sopo, Tsache ndi Tiyi

Kum'mwera kwa dziko la England, m'cigawo ca Hampshire, kuli mudzi waung'ono wochedwa Burghclere. Munthu wodutsa pa mseu wa m'mudzimo akhoza kuona kachalichi ka njerwa zofiira, kokhala ndi tinyumba m'mbali mwace, napitirira ulendo wace wosaganizako kanthu, pakuti kunja kwace kulibe cokopa maso. Koma amene atsegula citseko nalowa m'kati amaima ciriri, cifukwa zipupa zitatu za kachalichiko zinakutidwa ndi zithunzi za asilikari kufikira ku denga.

Zithunzizo ziripo 19, ndipo zonse zinajambulidwa ndi dzanja la munthu mmodzi, Stanley Spencer, amene anatsiriza nchitoyi m'caka ca 1932 atalimbana nayo kwa zaka pafupi-fupi 6. Ndi cikumbutso ca Nkhondo Yaikulu Yoyamba ya Dziko Lonse, imene inamenyedwa kuyambira 1914 kufikira 1918. Codabwitsa ndi cakuti m'zithunzi zonsezi simudzaona msilikari akuombera mnzace, kapena akuluakulu a nkhondo akulandira mendulo. Mudzaona anthu akukolopa pansi, akucapa zobvala, akuyala mabedi, akutunga madzi ndi kumwa tiyi. Kodi cikumbutso cotere cikutanthauzanji? Kuti timvetse, tiyenera kuyamba ndi mbiri ya mmisiriyo.

Mwana wa ku Cookham

Stanley Spencer anabadwa pa 30 June, 1891, m'mudzi wa Cookham, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Atate wace anali mphunzitsi wa nyimbo, ndipo pa nyumba pao Baibulo linali kuwerengedwa kawiri-kawiri. Mnyamatayo anakula akuganiza kuti zinthu zolembedwa m'Baibulo zikanatha kucitika m'mudzi mwao momwemo, pakati pa anansi amene anali kuwadziwa maina, ndipo maganizo amenewa sanamcoke kufikira imfa yace.

M'caka ca 1908 analowa sukulu ya amisiri a zithunzi yochedwa Slade, mu mzinda wa London, naphunzira kumeneko kufikira 1912. Popeza anali kubwerera kwao pa sitima madzulo ali onse, ndiponso pakamwa pace sipanali kuuma ndi nkhani za mudzi wace, anzace anampatsa dzina lakuti Cookham. Anali munthu wamfupi ndi wocepa thupi, wosaoneka konse ngati msilikari.

Nkhondo itabuka, mtima wace unagawika pawiri. Anali kukonda nchito yace ndi mudzi wace, koma anaona kuti sikungatheke kukhala pa khonde pamene anzace a msinkhu wace akupita. Cotero mu 1915 analembetsa m'gulu la asilikari osamala odwala ndi olasidwa, la Royal Army Medical Corps.

Wanchito wa pansi m'cipatala

Poyamba anamtumiza ku cipatala ca nkhondo ca Beaufort, mu mzinda wa Bristol. Nyumbayi kale inali cipatala ca odwala misala, ndipo ena mwa odwalawo anatsalira m'cigawo cina ca nyumbayo, nathandiza nchito za tsiku ndi tsiku. Inali nyumba yaikulu ya makonde atali-atali, ya zitseko zokiyidwa ndi malamulo aukali. Spencer sanali dotolo, ndiponso analibe udindo uli wonse. Anali wotumidwa ndi ali yense: kukolopa, kunyamula matumba a katundu wa olasidwa, kusankhula zobvala zocapa, kutenga tiyi ku khichini ndi kusambitsa odwala.

Nchito zotere zimapha mtima wa munthu wophunzira, ndipo poyamba zinamlemera ndithu. Koma ku Bristol komweko anapeza bwenzi, mnyamata wina wochedwa Desmond Chute, amene anamdziwitsa buku la Augustine Woyera lochedwa Confessions. Powerenga bukulo, Spencer anafika pa maganizo akuti munthu akhoza kutumikira Mulungu ndi nchito zonyozeka, ndi kuti kunyamula cidebe kapena kutsuka kabati mosamala ndi pemphero ndithu. Kuyambira pamenepo anayamba kuona nchito zace ndi maso ena, ndipo mbeu ya zithunzi za ku Burghclere inabzalidwa m'makonde a cipatalaco.

Dziko la udzudzu

M'caka ca 1916 anapempha kuti atumizidwe kunja. Ataphunzitsidwa pa msasa wa Tweseldown, anakwera combo kupita ku Salonika, doko la kumpoto kwa Greece limene lero lichedwa Thessaloniki. Kumeneko, m'mapiri a Macedonia, asilikari a Britain, France, Serbia ndi maiko ena anali kuyang'anizana ndi asilikari a Bulgaria, amene anali kuthandizidwa ndi Ajeremani.

Anthu a ku Ulaya sanali kuiwerengera nkhondo ya ku Macedonia. Maso onse anali ku France ndi ku Belgium, kumene anthu anali kufa zikwi-zikwi pa tsiku limodzi. Popeza asilikari a ku Salonika anathera nthawi yaitali akukumba maenje obisalamo ndi kulambula miseu, Georges Clemenceau, mtsogoleri wa ku France, anawanyoza kuti ndi olima madimba. Koma kumeneko kunali mdani wina amene awerengi athu amdziwa bwino, ndiye udzudzu. Mwa asilikari a Britain okha, ogonekedwa m'zipatala cifukwa ca malungo anawerengedwa kuposa 160,000. M'nyengo yotentha kunali malungo ndi kamwazi, ndipo m'nyengo yozizira cisanu cinali kupha zala za ku mapazi.

Spencer anayamba ndi gulu lonyamula olasidwa la 68th Field Ambulance. Popeza m'mapiri amenewo motoka sizinali kufika, olasidwa anali kugonekedwa pa macira omangidwa pa mitengo iwiri yaitali yokokedwa ndi nyuru, nyama zobadwa mwa bulu ndi kavalo. Spencer anazikonda nyamazi cifukwa ca kupirira kwace. Mu 1917 anasamukira ku gulu la asilikari oyenda pansi la Royal Berkshire Regiment, nakhala kutsogolo kwa nkhondo kwa miyezi ingapo. Malungo anamgwetsa kangapo. Dziko la Bulgaria linagonja kumapeto kwa September, 1918, ndipo Spencer anafika kwao ku Cookham mu December caka comweco. Pofika anamva kuti mkulu wace, Sydney, anaphedwa ku France mu September, kutatsala masabata owerengeka kuti nkhondo ithe.

Mu 1919 anajambula cithunzi cimodzi cacikulu pa pempho la boma la Britain, coonetsa nyuru zikufika ndi olasidwa usiku pa malo othandizirapo ku Smol. Cithunzico cisungidwa ndi nyumba ya Imperial War Museum. Atacitsiriza anayesa kuiwala za nkhondo, koma zimene maso aona mtima suiwala.

Cisoni ca mlongo

M'caka ca 1923, Spencer ali ku nyumba ya mnzace Henry Lamb ku Poole, anayamba kulemba pa mapepala maonekedwe a nyumba ya m'maganizo mwace, imene zipupa zace zikanasimba zonse zimene anaona ku Bristol ndi ku Macedonia. Analibe ndalama, analibe malo, ndipo panalibe amene anamtuma. Zinali ngati maloto a mmphawi.

Tsiku lina kunafika alendo, Bambo John Louis Behrend ndi akazi ao Mai Mary Behrend, anthu acuma a ku Burghclere, okonda kuthandiza amisiri a zithunzi. Ataona mapepala aja anagwidwa mtima, ndipo pambuyo pace anadzipereka kumanga nyumbayo ndi kulipira nchito yonse.

Mai Behrend anali ndi bala lao mu mtima. Mlongo wao, Lieutenant Henry Willoughby Sandham, nayenso anali msilikari ku Macedonia. Cipolopolo sicinamkhudze, ndipo anabwerera kwao wamoyo, koma anabwera ndi matenda amene anawatenga kumeneko, namwalira nkhondo itatha kale. Cifukwa ca ici sanawerengedwe pamodzi ndi ofera ku nkhondo amene maina ao analembedwa pa zipilala za cikumbutso. Taganizani, awerengi, kuwawa kwace kwa cinthu cotere. Nkhondo yakudyerani mlongo wanu, koma mabuku a boma akuti iai, ameneyu sali m'gulu. Cotero kachalichi kaja kanaperekedwa kukhala cikumbutso cace, ndipo ndico cifukwa cace kachedwa Sandham Memorial Chapel.

Mapulani a nyumbayo analembedwa ndi Lionel Pearson, motsata zofuna za Spencer. Citsanzo anacitenga ku kachalichi ka mu mzinda wa Padua ku Italy, kamene mmisiri wochuka Giotto anakakongoletsa ndi zithunzi za moyo wa Yesu ndi Mariya zaka zoposa 600 m'mbuyomo. Kachalichi ka ku Burghclere kanadalitsidwa mu March, 1927, zipupa zace zikali zoyera. Caka comweco Spencer anasamukira m'mudzimo pamodzi ndi mkazi wace Hilda ndi mwana wao Shirin. Mwana waciwiri, Unity, anabadwa mu 1930 nchito ikali m'kati.

Spencer sanapake penti pa cipupa ceni-ceni. Anajambula ndi penti ya mafuta pa nsaru zokhuthala zonga za tenti. Zithunzi 16 zocepa zikhoza kucotsedwa, koma zitatu zazikulu nsaru zace zinamatidwa ku zipupa, ndipo iye anali kukwera pa nsanja ndi burashi yace, kamunthu kakang'ono pa cipupa cacikulu, tsiku ndi tsiku, caka ndi caka. Sanagwiritse nchito zithunzi za kamera za nkhondo monga maziko a nchitoyo. Nkhokwe yace inali cikumbukiro cace ndi zolemba zace za pa mapepala.

Zimene ziri pa zipupa

Cipupa ca kumanzere ndi ca kumanja zinagawidwa mofanana. Ciri conse ciri ndi zithunzi zinai zokulirapo pakati, zinai zocepa m'munsi mwace, ndi cimodzi cacitali pamwamba coyenda utali wonse wa nyumbayo.

Ulendo uyambira pa khomo, ku dzanja lamanzere. Cithunzi coyamba cionetsa basi yopanda denga yodzala ndi olasidwa ikufika pa cipata ca cipatala ca Beaufort, mlonda wa makiyi akutsegula zitseko zacitsulo. Manja a olasidwawo ali omangidwa m'nsaru zoyera, ndipo basi ikupyola pakati pa maluwa owirira. M'munsi mwace muli msilikari wogona cafufumimba pa khonde lamdima, akukwecha pansi ndi madzi a sopo, pamene anchito onyamula mbale akumlumpha. Ameneyu ndi munthu amene mutu wace unasokonezeka ndi kuphulika kwa mabomba, ndipo kukwechako ndiko kokha kumene kwamtsalira.

Potsatira pali odwala akusamba ndi kupukutidwa, wina akupakidwa mankhwala pa bala. Pali anchito akusankhula matumba a katundu, pali mulu wa nsaru zocapa, pali anthu akudzaza zitini zazikulu za tiyi. Cithunzi cina cionetsa asilikari a pa msasa wa Tweseldown akuyala katundu wao pansi kuti ayenderedwe, kanthu kali konse pa malo pace. Ca pafupi ndi guwa cionetsa asilikari akuturuka m'maenje obisalamo m'banda kuca, waya waminga utaunjikana pamwamba pao ngati mtambo wakuda. Poyang'anitsitsa, aoneka ngati anthu oturuka m'manda.

Ku dzanja lamanja kuli asilikari akudzuka m'tenti, ali yense m'kati mwa ukonde wace wochinga udzudzu, wina akumeta ndebvu, wina akubvala, pamene anzao akusuzumira pa khomo ndi mbiri yakuti nkhondo yatha. Kuli ena akudzaza mabotolo ao pa kasupe, nyuru zikumwa pambali. Kuli mkulu wa asilikari atakwera pa kavalo akuwerenga mapu, ndipo iye ndiye mkulu yekha wa udindo wotere amene aoneka m'zithunzi zonse 19, pamene anyamata ace agona pa udzu ndipo ena akuthyola tizipatso ta m'chire. Kulinso cithunzi cimene mlimi ali yense wa kuno adzacizindikira msanga: asilikari akutentha udzu mozungulira msasa wao madzulo, kuti moto wolusa ukabwera upeze popsa kale.

M'munsi mwa izi muli zithunzi zina za m'cipatala. Wanchito akupala khungu lakufa ku mapazi a msilikari wopsa ndi cisanu. Odwala akhala pa thebulo ndi tiyi, pakati pali milu ya buledi wopaka jamu, cakudya cimene Spencer mwini anali kucikonda koposa. Wodwala wina wadzikulunga m'gombeza, akudikira kuti bedi lace liyalidwe. Potsiriza anchito akutsuka timakabati ta odwala m'mabafa akulu, ndipo pakati pa mabafa awiri pafinyika kamunthu, pa malo pamene Spencer anali kupezapo mpumulo pang'ono pothawa phokoso la m'cipatala.

Zithunzi ziwiri zazitali za pamwamba zionetsa misasa ya ku Macedonia. Ku Karasuli asilikari akuphika nyama ya nkhumba m'mamawa, ena akusenza miyala yokonzera mseu, wina akutola mapepala otayika powabaya ndi mpeni wa ku mfuti. Ku mtsinje wa Todorovo ena akucapa malaya pa miyala, ena akusewera, ena akuyala timiyala pansi kupanga cizindikiro ca mtanda wofiira.

Kuuka kwa asilikari

Zonsezi zikutsogolera maso ku cipupa ca kum'mawa, kuseri kwa guwa. Pamenepo pali cithunzi cacikulu koposa zonse, ca msinkhu woposa mamita 6 ndi m'mimba mwace moposa mamita 5, cimene cinamtengera Spencer pafupi-fupi caka cathunthu, mu 1928 ndi 1929. Cionetsa asilikari akuuka kwa akufa m'cigwa ca ku Macedonia.

Palibe angelo oomba malipenga, ndiponso palibe woweruza wokhala pa mpando wacifumu. Asilikari akungoturuka m'nthaka monga anthu odzuka ku tulo. Ali yense wanyamula mtanda woyera wa matabwa umene unazikidwa pa manda ace, ndipo mitandayo yaunjikana mulu waukulu m'munsi mwa cithunzi, kuseri kwa guwa leni-leni, kotero kuti wopemphera m'kachalichimo aona ngati ikugwera pamaso pace. Ena akugwirana canza ndi anzao amene anasiyana nao pa tsiku la imfa. Wina akupukuta mabatani a malaya, wina akukulunga nsaru za ku miyendo, wina akumasula mnzace ku waya waminga.

Pakati peni-peni pali nyuru ziwiri zimene zinagwa ndi ngolo yao, ndipo nazonso zikutsitsimuka, zikupotoza makosi. Pa matabwa a ngolo yosweka pagona mnyamata amene akuyang'anitsitsa mtanda wace, ngati munthu amene wayamba kumvetsa tanthauzo la zimene zinamgwera. Ndipo Kristu ali kuti? Muyenera kumfunafuna. Ali patali, ca kumtunda kwa cithunzi, wamng'ono, wobvala zoyera, atakhala pansi, akulandira mitanda imene asilikari akubwera nayo. Msilikari akatsiriza nchito amabweza katundu wa boma ku sitolo ya gulu lace. Momwemonso awa akubweza mitanda yao, pakuti nchito yace yatha.

Kodi anabisa zoopsa za nkhondo?

Wina akhoza kufunsa kuti: kodi uku sikunamiza anthu? Nkhondo imene inapha anthu mamiliyoni ambiri ingakumbukiridwe bwanji ndi buledi ndi jamu? Funsoli ndi loyenera, makamaka tikakumbukira kuti amisiri ena a nthawi yomweyo anasankha njira ina. John Singer Sargent, m'cithunzi cace cacikulu ca mu 1919 cochedwa Gassed, anaonetsa mzere wa asilikari ocititsidwa khungu ndi mpweya wa poizoni, ali yense atagwira phewa la mnzace wa patsogolo. Paul Nash anajambula minda ya ku Belgium ndi France itasanduka matope, mitengo itatsala zitsa zokha-zokha. Zithunzi zimenezo zimanena zoona, ndipo dziko liyenera kuziona.

Koma amene ayang'ana bwino zipupa za ku Burghclere adzaona kuti mabvuto sanabisike. Munthu uja wokwecha pansi wapenga ndi nkhondo. Mapazi aja opalidwa khungu anapsa ndi cisanu ca m'mapiri. Maukonde aja ali pamenepo cifukwa malungo anali kugwetsa anthu ngati mapira. Ndipo mitanda ija yosawerengeka, uli wonse ndi mwana wa munthu. Kusiyana kwace ndi kwakuti Spencer sanaloze cala pa bala lokha, koma analoza pa dzanja limene likutsuka balalo.

Anthu a kumudzi adziwa bwino cinthu cimeneci. Pa maliro pali olira m'nyumba, koma palinso otema nkhuni, otunga madzi, ophika nsima ya alendo ndi adzukulu okumba manda. Popanda iwo maliro sangayende, cinkana maina ao sachulidwa pa mwambo. Spencer anali mmodzi wa anthu otere pa maliro akulu a dziko lonse, ndipo pamene anapatsidwa zipupa kuti alembepo cikumbutso, analembapo anzace a nchito yonyozeka.

Ciwerengero copanda maina

Nkhondo imeneyi sinali ya ku Ulaya kokha. Inafika ndi kuno, pa malire a kumpoto a dziko limene pa nthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia, moyang'anizana ndi dziko lolamulidwa ndi Ajeremani limene lero ndi Tanzania. Mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anali pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi pamene mbiri inampeza yakuti nkhondo yatha ku Ulaya, ndipo anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 November, 1918, patapita masabata awiri cithere nkhondo ku France.

Kumene ku Macedonia katundu anali kuyenda pa misana ya nyuru, kuno anali kuyenda pa mitu ya anthu. Amuna zikwi zambiri, ndi a m'midzi ya ku Fort Jameson omwe, kumene lero ndi Chipata, anatengedwa kukhala amtengatenga, osenza ufa, zipolopolo ndi odwala mitunda yaitali. Ambiri anafa ndi njala, kamwazi, cibayo ndi malungo, wosagwirako mfuti. Ku Mbala kuli cipilala cokumbukira amtengatenga 1,467 a dziko lino amene anafa pa nkhondoyo. Palembedwa ciwerengero, koma maina ao palibe. M'caka ca 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linabvomera poyera kuti anthu osacepera 116,000, makamaka a mu Africa ndi a ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi maina ao, kapena sanakumbukiridwe konse, ndipo linapepesa.

Spencer sanajambule amtengatenga athu, pakuti sanafike kuno. Koma funso limene linabvuta Mai Behrend ndi lomwelo limene mabanja ambiri a kuno anakhala nalo mwakacetecete: kodi wofa ndi matenda a ku nkhondo, kapena wofa atasenza katundu, sanafere nkhondo? Mai Behrend anali ndi cuma comangira mlongo wao nyumba ya cikumbutso. Agogo athu analibe, ndipo cikumbutso cao cinali dzina lopatsidwa kwa mdzukulu ndi nkhani zosimbidwa pa moto madzulo.

Mathero a mmisiri

Atatsiriza nchito ya ku Burghclere mu 1932, Spencer anabwerera kwao ku Cookham. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse boma linamtumanso, ndipo anapita ku Port Glasgow ku Scotland, kumene anajambula anthu opanga zombo: owocherera zitsulo, okhoma misomali ndi opinda mapaipi. Kumenekonso maso ace anali pa anchito. Mu 1959 Mfumukazi Elizabeth inampatsa ulemu wochedwa Sir, ndipo pa 14 December caka comweco anamwalira ali ndi zaka 68.

Banja la Behrend linapereka kachalichi kaja m'manja mwa bungwe la National Trust mu 1947, ndipo bungwelo likukasamala kufikira lero. Mu 2013, pamene nyumbayo inali kukonzedwa, zithunzi zocotseka zija zinatengedwa kukaonetsedwa ku Somerset House mu London, ndipo pambuyo pace zinabwezedwa pa malo pace.

Akulu anati nkhondo simanga mudzi, ndipo Spencer, amene anataya mkulu wace ndi thanzi lace, sakanatsutsa mau amenewa. Cimene iye anaonjezapo ndi cakuti ngakhale pakati pa nkhondo pamakhala anthu amene akugwirizizabe mudzi kuti usagwe, wina ndi tsache, wina ndi cidebe ca madzi, wina ndi mtolo pamutu. Ngati m'banja mwanu muli nkhalamba imene ikumbukira dzina la kholo limene linapita ku mtengatenga kapena ku usilikari losabwerako, khalani nayo pansi, mufunse, ndipo mwana wa sukulu alembe dzinalo m'buku pamodzi ndi mudzi wace ndi mfumu yace. Nkhalamba zikutha, ndipo dzina limene silinalembedwe pa mwala likhoza kupita nazo ku manda.